Fungo la M'chipinda cha Achemwali

Tsiku lomaliza kuwaona achemwali ali moyo, ankandipindira buluku. Ndinali nditaimirira pampando m'chipinda chawo chakumbuyo, iwo atagwada pansi, mapini ali kukamwa, akung'ung'udza chifukwa choti ndinkagwedezeka.

"Imani bwino, Apulofesa," anatero atalavulira mapini m'dzanja. "Miyendo ngati ya udzudzu, koma kuvuta ngati kasitomala wa suti. Kukolejiko sakudyetsani?"

"Muno mukununkha petulo," ndinatero. "Mutu wayamba kundiwawa."

"Ndi mafuta a makina amenewo. Mphuno zanuzo zaphunzira kwambiri."

Pamkono pawo panali pothimbirira ngati wina wawamenya. Nditafunsa anati anagunda chitseko. Podzuka anayamba agwira khoma, kudikira kuti chizungulire chidutse, kenaka anaseka n'kunena kuti ukalamba wayamba msanga. Mwana wawo wamkazi, yemwe tonse timamutcha Kabatani chifukwa akukwawa anameza batani n'kulitulutsa mawa lake lili bwinobwino, anali pansi pa tebulo la makina akuyala zidutswa za nsalu.

Anandiperekeza mpaka pageti, atanyamula chikwama changa ngakhale ndinkakana.

"Ukamabwera patchuthi ubwere ndi mlamu wanga," anatero. "Ndimuyeze ndekha, ndione ngati ali ndi mapewa onyamula mavuto akowa."

Ndinaseka. Minibasi inali ikudzaza, ndiye ndinathamanga osacheuka.

Foni inandipeza ndili m'kalasi, teremu isanathe. Kuchipatala anati inali khansa ya m'magazi, ndipo inathamanga. Dokotala anawafunsa amayi ngati malemu ankagwira ntchito ya penti kapena yothira mafuta m'galimoto. Amayi anayankha kuti mwana wawo anali telala, sanagwirepo ntchito zauve. Dokotala sanafunsenso.

Maliro atatha ndinabwerera kukoleji. Ndinkakhala kumbuyo, aphunzitsi akulemba pabolodi, ine ndikuyang'ana mpendero wa buluku langa, ulusi wake woongoka ngati wojambula ndi rula. Tsiku lina ndinangolongedza n'kutuluka. Sindinatsanzike aliyense, ndipo palibe anaimba kufunsa.

Nyumba yomwe timachita lendi ili kuseri kwa filing'i siteshoni yakale. Chipinda cha achemwali n'chimene chinayandikana ndi mpanda, moti utatulutsa mkono pazenera ukhoza kukhudza njerwa. Siteshoniyo anaitseka ine nditangoyamba koleji, atazindikira kuti thanki yapansi inabooka kalekale ndipo petulo wakhala akulowerera m'nthaka zaka zonsezi. Kunabwera kampani yoyeretsa malowo. Anafukula thanki, natuta dothi lakuda pamalole. Asanayambe kukumba, bambo wina wachisoti choyera anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti azitseka mazenera chifukwa cha fungo ndi fumbi.

Amayi anga ukawauza kuti mankhwala amwe mpaka athe, amanyambita ndi pepala lomwe. Anatseka mazenera onse. M'chipinda cha achemwali, poti n'chimene chinali pafupi ndi dzenje, anatenga nsanza zotsala posoka n'kutsekera kampata kalikonse, pakati pa magalasi, pamwamba pa khoma, ngakhale kunsi kwa chitseko. Kukumba kunatha, dzenje analikwirira, koma nsanzazo zinatsala.

Okumba atachoka anasiya timapaipi totuluka pansi, tofika m'bondo, tokhala ndi zivindikiro zachikasu, tondandalika m'mbali mwa mpanda mkati mwa siteshoni. Mlungu uliwonse kunkabwera mayi wina wamfupi wovala jombo zazikulu kuposa miyendo yake. Ankavundukula paipi, n'kulowetsamo kachubu ka kamakina kooneka ngati wailesi yam'manja, kudikira, kuwerenga manambala, kutseka, n'kupita pa ina. Ana a m'dera lathu anamupatsa dzina loti Anunkhiza, ndipo ankayankha.

Ine poti ndinalibe chochita, ndinkakwera pampanda n'kumamuyang'ana.

"Achimwene, mugwa," anatero tsiku lina osadzutsa mutu. "Mukagwera mbali ino ndiye kuti mwandionjezera ntchito."

"Mumayeza chiyani?"

"Nthunzi. Petulo akakhala pansi sakhala phee. Amatulutsa nthunzi, ndiye nthunziyo imayenda m'dothi kufuna potulukira. Ine ndimaona ngati ikuchepa."

"Imadziwa kuti malo anu athera pampanda pano?"

Apo ndiye anandiyang'ana. "Munapita kusukulu, eti?"

"Ndinalekeza."

"Ayi. Sidziwa."

Ndinamuuza za achemwali. Ndinamuuza za funso la dokotala. Anamvetsera atagwira kachubu kake m'manja, ndipo sananene kuti pepani, zomwe ndinamukondera. Anangofunsa ngati simenti ya pansi m'chipindamo ili ndi mng'alu. Ndinati ulipo, wodutsa pansi pa makina mpaka kukhoma. Anafunsa amene amagonamo tsopano.

Funso limenelo ndi lomwe linkandisowetsa tulo. Kuyambira tsiku lomwe tinachoka kumanda, amayi anasamuka m'chipinda chawo n'kukalowa mwa achemwali. Amagona pamatiresi omwewo, pansi, poti makina ndi mulu wa nsalu sizinasiye malo a bedi. Kabatani amagona kukhoma, nkhope yake ili pafupi ndi simenti.

"Bwerani mudzayeze," ndinatero. "Si patali. N'kuseri kwa njerwa izi."

"Ine ndimayeza pomwe anandiboolera. Kuti ndiyeze m'nyumba, aboole kaye simenti, aikemo paipi ngati iyi. Ndipo mwini nyumba avomere. Avomera?"

Alandilodi ndinawapeza pashopu yawo yogulitsa misomali ndi malata, akudya chinangwa chopanda mchere chifukwa cha BP. Anandilandira bwino, nandikokera kreti kuti ndikhalepo. Nditafotokoza, anasiya kutafuna.

"Aboole simenti yanga?"

"Kabowo kakang'ono basi. Adzatsekanso."

"Kabowo adzatseka, mphwanga, koma pakamwa pa anthu adzatseka ndani? Mawa dera lonse lidzati nyumba zanga zili ndi poizoni. Mzere wonse uja udzandithawa." Anapukuta manja pabuluku. "Imfa imawawa, ndikudziwa. Mayi akunyumba anandisiya ali m'nyumba yamatailosi, ya mazenera mbali zonse. Ndikanaimba mlandu matailosi? Bwerera kusukulu, iwe. Kukhala pampanda kuja kukudwalitsa maganizo."

"Muli mwana m'chipinda muja."

"Ndiye musamuke. Sindinamange munthu ndi chingwe."

Kusamuka sikukanatheka amayi asanafune. Ndipo amayi sankafuna n'kumva komwe. M'mawa wina ndinawapeza atakhala pamatiresi, atakwirira nkhope mu diresi lobiriwira lomwe achemwali ankavala posoka. Chitseko nditangochitsekula, fungo linandimenya kukhosi.

"Tseka msanga," anatero. "Lowa umve. Ngati wangotuluka kumene kupita kukagula ulusi."

Ndinalowa. Ananditambasulira diresilo, ndipo ndinalinunkhiza chifukwa sindikanatha kukana. Linali fungo la achemwali ndithu. Ndi limene ndinkalimva akandikumbatira, limene linkatsalira m'zovala zonse zomwe anandisokera. Ndipo ndi limene ndinkalimva ndikakhala pampanda, Anunkhiza akavundukula paipi.

"Amayi," ndinatero, "si fungo lawo limeneli."

"Ndi la ndani?"

"Likuchokera pansi. Mumng'alu umu."

Anapinda diresilo pang'onopang'ono, manja kutsogolo, monga ankachitira mwini wake. "Unapita kukoleji kuti ukaphunzire, wabwerako wopanda pepala. Tsopano ukufuna kundiphunzitsa fungo la mwana amene ndinamubereka ndekha?"

"Kabatani yekha azigona kwanga. Ine ndizigona pabalaza."

"Mwana wataya mayi ake. Umulandenso agogo ake?"

Ndinayesabe. Ndinamunyengerera Kabatani ndi nthano ndi masiwiti mpaka anagona pabedi langa. Kutacha ndinapeza bedi lili lokha. Anadzuka n'kubwerera yekha, atakoka kansalu kake.

"Kwanu sikununkhira amama," anandiuza akumwa tiyi. "Musakwiye, amalume."

Anthu pamaliro anandigwira paphewa n'kumati mwanayu tsopano ndi wanu, ndinu malume wake. Bambo ake tinawaona komaliza tsiku lomwelo, atavala magalasi akuda, ndipo ananyamuka tisanayale nkhata. Ndiye malume wake ndinalidi ine, munthu wopanda ntchito, wopanda nyumba, wopanda ngakhale bwenzi la chipinda chapadera loti ndingakamusungitseko mwana.

Mvula itayamba, ndinaona abwana a Anunkhiza atabwera okha, atafunda ambulera, akugwedeza mutu mokondwa pa paipi iliyonse. Atachoka ndinakwera pampanda. Anunkhiza anali akupala matope kujombo ndi kamtengo.

"Manambala atsika," anatero. "Atsika kwambiri. Abwana akuti tikapitiriza chonchi titseka ntchito."

"Ndiye bwanji nkhope yagwa?"

"Dothi likanyowa limakhala ngati mwalivundikira. Nthunzi imavutika kukwera. Sikuti yatha ayi. Imangofuna pouma."

"Mvula yonseyi, pouma ndi pati?"

Anangokweza maso n'kuyang'ana denga la nyumba yathu, madzi akutsika m'malata kugwera kutali ndi khoma.

Mawa lake, nthawi yankhomaliro, Anunkhiza anagogoda pakhomo pathu. Anali atavula chisoti ndi jombo, atavala nsapato zapulasitiki, chikwama chachikulu chili paphewa. Anawauza amayi kuti amagwira ntchito kuseri kwa mpanda, anamva za zovuta, ndiye wabwera kudzapepesa. Amayi anakondwa. Anatereka tiyi, natulutsa makapu omwe timasungira alendo. Anamuonetsa zithunzi. Mlendo atapempha kuona pomwe malemu ankasokera, amayi anatsogola okha, akumwetulira koyamba chichokereni kumanda.

M'chipindamo Anunkhiza anatsekula chikwama. "Mayi, mundikhululukire. Ndabwera ndi chida changa. Mundilole?"

Amayi anandiyang'ana ine. Kenaka anati, "Mwalowa kale."

Pakhomo kamakinako kankangolira pang'onopang'ono, ngati wotchi. Anunkhiza anagwada, nayendetsa kachubu m'mbali mwa matiresi. Kulira kunafulumira. Atafika pansi pa makina osokera, pomwe mng'alu unakula mpaka kulowa chala, kanayamba kukuwa kosalekeza, nyali yake yofiira ikuphethira.

Kabatani anaomba m'manja. "Agogo, kakuimba! Amalume, kauzeni kaimbenso!"

Anunkhiza anakazimitsa. Anakhalabe chogwada.

"Mayi, nsanza zonsezi zichoke lero. Mazenera azikhala otsekula usana ndi usiku. Ndipo mwanayu asagonenso pansi pano. Inunso."

"Anzanu omwe ndi amene anatiuza kuti titseke," amayi anatero.

"Masiku okumba okha, mayi. Chifukwa cha fumbi."

"Sananene choncho. Anati tsekani. Sanabwerenso kudzati tsekulani."

"N'zoona. Sanabwere."

Mvula inali ikuwaza padenga. Amayi anayang'ana zenera, nsanza zamitundumitundu zitathithikizidwa pakati pa magalasi, zina za yunifolomu ya sukulu, zina za diresi laukwati la munthu wina.

"Ndinatseka ndine," anatero motsitsa. "Iye ankati, amayi, muno mukutentha, mutu ukundiwawa. Ankazichotsa ine ndikapita kumsika. Ndikabwera ndinkabwezeretsa. Ndinkati, mvera, anthu ophunzira anena."

Ine ndinkafuna kuwagwira dzanja, koma ndinaopa kuti ndikawagwira ndiye kuti ndavomereza. Ndinaona nkhope yawo ikulimbana ndi chinthu chimenecho, ngati munthu amene akuyesa kusenza mtolo woposa msinkhu wake. Kenaka ndinaona akuutula.

"Kamakina kanuko kakunama," anatero mokweza. "Kamva mafuta a makina. Mwana wanga anadwala ngati mmene amadwalira anthu onse."

"Mayi, sindinanene kuti ndi chimene chinawapha. Zimenezo sindingadziwe, ngakhale dokotala sangalumbire. Ndikunena za amene ali moyo."

"Ngati n'zoona, mwabisiranji m'chikwama? Abwere abwana anu masana, ndi galimoto yawo, ayeze alandilodi akuona, anene ndi pakamwa pawo. Tsiku limenelo ndidzanyamula mwana n'kutuluka. Koma zakuba ngati izi ayi." Anatsekula chitseko. "Tiyi wanu wazizira."

Ndinamuperekeza Anunkhiza mpaka pageti. Anatseka zipi ya chikwama.

"Ndiwauza abwana," anatero. "Andikalipira chifukwa chotulutsa chida, koma ndiwauza. Inu tsekulani zenera lija, ngakhale mochita kumenyana."

Ndinadikira tsiku loti amayi apita kutchalitchi ndi mwana. Ndinazula nsanza zonse n'kukazitaya kudzala. Kenaka ndinapinda tizitsulo togwira magalasi, ndinasolola magalasiwo limodzilimodzi, n'kukawabisa kwa mnzanga wokonza njinga. Mphepo inalowa m'chipindamo, makatani anayamba kuuluka. Ndinakhala pamatiresi. Fungo linayamba kuchepa, ndipo ndinadabwa kupeza kuti ndikulira, chifukwa ndi mphepo imeneyo achemwali ankatulukadi.

Amayi atabwera anaima pakhomo. Anavula nsapato zakutchalitchi, natuluka. Anabwerera ndi makatoni ndi chipepala chapulasitiki chakuda chomwe anapempha kushopu kwa alandilodi. Anakhomera okha ndi mwala, misomali ili kukamwa. Ndinawagwira mkono.

"Ndimenye," anatero. "Watsala pang'ono. Ndimenye, anthu aone chimene ndinaphunzitsa."

Ndinawasiya. Pofika madzulo zenera linali litatsekeka kuposa kale, moti ngakhale kuwala sikunkalowa. Anagula loko n'kuika pachitseko, kiyi anamangirira pansonga ya nsalu yawo. Kuyambira pamenepo chakudya changa ankangochisiya patebulo chovundikira, ngati cha mlonda.

Ndinasiya kukwera pampanda. Ndinkakhala pakhonde, kumvetsera Kabatani akuimba m'chipindamo nyimbo zakusukulu yamkaka, akulakwitsa mawu. Nthawi zina ndinkamuitana kuti tikayende, ndipo tinkayenda mpaka miyendo yake itatopa, ine ndikuwerengera mumtima kuti mpweya uliwonse umene wapuma panja ndi phindu. Koma dzuwa likapendeka ankayamba kufunsa agogo ake, ndipo ndinkamubweza ndekha, n'kumusiya pakhomo pa chipinda chija.

Mvula isanathe kunabwera anyamata a kampani ndi wilibala ya simenti. Anazula timapaipi tonse, nathira simenti m'mabowo, nasalaza ndi thabwa. Zivindikiro zachikasu anaziponya m'thumba. Ana anapempha kuti awapatse zoseweretsa, anawakaniza.

Anunkhiza anandipeza pakhonde. Anali wopanda kamakina.

"Atisamutsa," anatero. "Kuli siteshoni ina kutsidya kwa tauni. Pano akuti payera."

"Munawauza?"

"Ndinawauza. Anati zoyeza m'chikwama si zoyeza. Anati ntchito yomwe anatipatsa inathera pampanda, za m'nyumba za anthu ndi ntchito ina, ya gulu lina, ndipo gululo lili ndi madera ambiri patsogolo panu." Anakhala pansi pambali panga, pasimenti ponyowa. "Ndinalimbana nawo, achimwene. Anandiuza kuti ndisankhe, kukhala woyeza kapena loya. Komabe nyumba yanu aiika pamzere. Adzabwera ndi galimoto, masana, monga anafunira mayi."

"Alandilodi akakana?"

"Adzayesa kuwanyengerera. Akakanitsitsa, adzadutsa."

"Liti?"

Anandiuza tsikulo akuyang'ana nsapato zake. Ndinamupempha abwereze, ndipo anabwereza. Kenaka anadzuka, nasasa kumbuyo kwa siketi, nandigwira dzanja mwamphamvu ngati mwamuna. Anati ndimupatsire moni kamtsikana koomba m'manja kaja.

Ndinalowa m'nyumba. Chitseko cha chipinda cha achemwali chinali chotseka, nsanza zatsopano zikusuzumira kunsi kwake. Mkati amayi ankamuluka Kabatani tsitsi. Ndinamva mwanayo akudandaula kuti akumukoka, iwo akumuuza kuti akhazikike, kukongola kumawawa. Ndinagogoda.

"Amayi."

Ndinagogodanso.

"Amayi, abwana aja avomera. Adzabwera ndi galimoto kudzayeza."

Chipeso chinasiya kulira m'tsitsi. Kenaka mawu awo anatuluka, oyamba kundilankhula chikhomereni makatoni aja, ndipo anali aang'ono ngati a mwana.

"Liti?"

"Pa 17 Seputembala, chaka chamawa."